Akihabara ku Tokyo: ndili ndi tsiku limodzi lokha, ndipiteko kapena ndingotaya nthawi?

MphunzitsiWaMagetsi
Moni nonse pagulu pano. Mwezi wamawa ndikupita ku Japan kukachita maphunziro a nthawi yochepa, ndipo pa ndondomeko yomwe atitumizira pali Lamulungu limodzi lomwe tidzakhale omasuka tili ku Tokyo. Ine ndimaphunzitsa zamagetsi pa sukulu ina ya ntchito zamanja, komanso kumathero a sabata ndimakonza mawayilesi, ma TV ndi ma amplifier kunyumba. Dzina la Akihabara ndinayamba kulimva kalekale kwa aphunzitsi anga, ankati kumeneko ndiye kuchimake kwa zipangizo zamagetsi. Koma mnzanga wina wa kuntchito yemwe anapitako wandifooketsa. Akuti masiku ano kwangotsala zidole, makatuni ndi atsikana oitanira anthu m'malo omwera khofi.

Zomwe ndikufuna ndi multimeter yabwino, soldering iron yolimba, tizipangizo ting'onoting'ono toti ana a sukulu aziphunzirira, ndi laputopu yogwiritsidwapo kale ya mwana wanga wamkazi yemwe ali ku koleji. Amene mumakudziwa kumeneko ndithandizeni. Ndipite, kapena tsikulo ndikaone malo ena?

Ndirande_Boy
Bwana musadzivute. Zonsezo mungoitanitsa pa intaneti kuchokera ku China, zotchipa kuposa ku Japan.

NaBanda_Tsukuba
A Ndirande_Boy, zoitanitsa simuzigwira m'manja musanalipire. Aphunzitsi, pitani ndithu.

Ine ndimakhala ku Tsukuba, ndipo sitima yathu ya Tsukuba Express imathera pa Akihabara pomwepo, ndiye ndimadutsapo kawirikawiri. Mnzanuyo sananame, koma anangoona msewu umodzi. Mukatsika pa siteshoni ya JR tsatirani zikwangwani zolembedwa Electric Town Exit. Anthu ambiri akatuluka amathamangira ku Chuo-dori, msewu waukulu uja mumauona pa zithunzi, wa nyumba zitalizitali zomatidwa makatuni kuyambira pansi mpaka pamwamba. Munthu amene wangoyenda mu Chuo-dori n'kubwerera adzakuuzani ndithu kuti zamagetsi kulibe.

Inu musafulumire kupita kumeneko. Pafupi ndi potulukira pomwepo, kunsi kwa njanji ya Sobu Line, kuli Radio Center. Ndi tinjira topanikiza, denga lotsika, moti anthu awiri podutsana wina amayenera kupendekeka. Wogulitsa amakhala pakampando pakati pa kasitolo kake, mozungulira monse muli timadirowa ta ma capacitor, ma switch, ma fuse, mawaya, ngakhale ma valve a mawayilesi akale. Sitima ikamadutsa pamwamba mumamva chilichonse chikunjenjemera. Mukachoka apo muwoloke Chuo-dori, pali nyumba ina yotchedwa Tokyo Radio Department Store, ya malonda omwewo. Kenako lowani m'tinjira ta kuseri mufunefune masitolo a Akizuki Denshi ndi Sengoku Densho. Awiri amenewa ndi komwe anzathu ophunzira za uinjiniya amapita. Mumatenga kambale kakang'ono n'kumatoleramo zomwe mukufuna, ma resistor, ma sensor, ma board a Arduino ndi Raspberry Pi, ma kit oti mwana alumikize yekha mpaka kanthu kayake. Munthu wa ntchito yanu akalowa mmenemo satulukamo msanga.

MphunzitsiWaMagetsi
Zikomo kwambiri achemwali, mayina onsewo ndalemba. Kuchokera pa Tokyo Station ndi patali bwanji?

NaBanda_Tsukuba
Ndi pafupi zedi. Kwerani Yamanote Line yolowera ku Ueno: Tokyo, Kanda, Akihabara, mwafika. Mukangotera ku Japan pezani khadi la Suica kapena Pasmo, muziikamo ndalama, musamavutike ndi matikiti pa geti iliyonse.

Madala_Valavu
Ine za makatuni sindilowamo. Ndikufuna ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chomwe chingakutayitseni ndalama, ndicho magetsi. Ku Japan magetsi a m'nyumba ndi 100V. Kuno kwathu ndi 230V. Soldering iron ya Hakko kapena Goot yomwe mungaipeze pa shelefu kumeneko nthawi zambiri imakhala yopangira msika wa ku Japan komweko, ya 100V. Mukafika nayo kuno n'kuibaya pa soketi kudzera pa adaputala, ipsa. Adaputala imangosintha mano a pulagi, siichepetsa mphamvu. Ndinalandirapo pa benchi yanga mphika wamagetsi wophikira mpunga womwe mayi wina anabwera nawo kuchokera kumeneko, watsopano, ukadali ndi mapepala ake m'katoni. Nditatsegula, board yonse inali itada bii, fungo la pulasitiki yopserera lili guu. Anangoubaya kamodzi.

Choncho chilichonse cholowa pa khoma chitembenuzeni muwerenge zolembedwa kumbuyo. Pakalembedwa 100–240V gulani, kwangotsala kusintha pulagi. Matchaja ambiri a laputopu ndi a foni ndi otere. Pakalembedwa 100V yokha, chisiyeni. Multimeter ilibe vuto chifukwa imayendera mabatire, ndipo kumeneko ndiye kwawo kwa Sanwa, Hioki ndi Kyoritsu. Zimenezi ndi zida zoti mudzasiyira ana anu. Mukaipeza Sanwa ya singano musaidutse, ana a sukulu amamvetsa bwino akamaona singano ikuyenda kusiyana ndi manambala ongosinthasintha pa sikirini.

Kabaza_Mzuzu
Madala, nanga step-down, thiransifoma yotsitsa mphamvu ya magetsi ija, inapangidwira chani? Agule iron yomwe akufuna, kuno aike thiransifoma.

Madala_Valavu
Pa iron ya 60W kapena 70W thiransifoma yaing'ono ikwana, pamenepo mukunena zoona. Koma kumbukirani kuti awa ndi aphunzitsi. Chida chimenecho chizigwiridwa ndi ana ambiri, ndipo tsiku lina mmodzi adzachibaya molunjika thiransifoma ili kwina. Pa ketulo kapena mphika wa mpunga ndiye osayerekeza, zimenezi zimakoka mphamvu yambiri, thiransifoma yake imakhala chitsulo cholemera ndiponso chodula. Bola agule iron yoyendera USB-C, kapena agule nsonga, solder, flux ndi pampu yoyamwira solder kumeneko, iron yeniyeniyo adzapeze ya 230V.

Mphwanga_Saitama
Kuwonjezera pa za madala, masitolo akuluakulu monga Yodobashi ndi Bic Camera amakhala ndi katundu wina wopangira anthu akunja, wa 220 mpaka 240V. Mungofunsa kuti overseas model, akulozerani.

Za laputopu ndiye zanga. Pitani ku Janpara, Sofmap kapena Iosys, onsewa ali ndi masitolo m'dera lomwelo. Makampani a ku Japan amasintha makompyuta pakapita zaka zingapo, ndiye mumapeza ma ThinkPad ndi ma Let's Note a Panasonic ali mbwee, ena osakalika nkomwe. Pa chilichonse amaika kapepala kosonyeza giredi ndi chilema chake, kaya ndi batire lofooka kaya kadontho pa sikirini. Sabisa. Jambulani kapepalako ndi Google Translate, muwerenge musanalipire. Onetsetsani kuti ndi yoti Windows 11 imayenda, kutanthauza Intel ya 8th generation kupita m'tsogolo, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu October 2025.

Ndiye pali mbali ina yomwe amati junk. M'tinjira ta kuseri kwa Chuo-dori mudzaona mabokosi a pulasitiki ali pakhomo pa sitolo, odzaza ma RAM, matchaja, zingwe, makamera akale, ma laputopu opanda hard drive. Ndi kaunjika weniweni wa zamagetsi, umapinda msana n'kumavundukula. Mitengo yake ndi yotsika kwambiri, koma lamulo lake ndi limodzi: palibe kubweza, palibe warranty. Ya mwana wanu musagule pa junk. Koma zoti ana a sukulu aziphwasula n'kumaphunzirapo, pamenepo ndiye pabwino.

Vuto lalikulu ndi kiyibodi. Ambiri ali ndi kiyibodi ya Chijapanizi.

Mtsikana_wa_IT
Kiyibodi si vuto lalikulu ayi. Ine ndimagwiritsa ntchito yotereyo ku ofesi. Zilembo zili mmene zimakhalira pa kiyibodi iliyonse. Zomwe zinasuntha ndi zizindikiro zina, monga @ yomwe ili pambali pa P, ndipo space bar ndi yaifupi. Pakatha sabata dzanja limazolowera. Windows nayo mumaisintha chilankhulo mu settings.

Mphwanga_Saitama
Kwa wolemba ma assignment inde. Koma ngati mwanayo akuphunzira programming, ma bracket ndi ma quote onse ali malo achilendo, ndiye akapita ku lab ya pa koleji manja azisokonezeka.

Mtsikana_wa_IT
Ine ndimalemba code tsiku lililonse pa yomweyo. Aphunzitsi, ngati mwapeza ya US keyboard pa mtengo womwewo tengani, koma musasiye makina abwino chifukwa cha zimenezi. Chomwe ndingakuchenjezeni ndi kamera. Makamera a Sony ogulitsidwa pa msika wa ku Japan menu yake imakhala ya Chijapanizi chokha. Ngakhale Nintendo Switch 2 itatuluka mu June 2025 anapanga ziwiri, ya Chijapanizi chokha pa 49,980 yen ndi ya zilankhulo zambiri pa 69,980 yen. Chilichonse chokhala ndi sikirini muwapemphe akuyatsireni, muone ngati Chingerezi chilimo.

MphunzitsiWaMagetsi
Mwanayo akuphunzira za unamwino, ndiye kiyibodi sizimuvuta. Za 100V zandithandiza kwambiri madala, iron ndikanagula ndithu.

Kabaza_Mzuzu
Poti tikukamba za ku Japan, aphunzitsi mukandifunsireko za wayilesi ya m'galimoto. Sienta yanga imangogwira masiteshoni awiri atatu, ndipo sikirini yonse ndi Chijapanizi.

Madala_Valavu
Imeneyo siifuna ulendo wa ku Tokyo. Mawayilesi a m'magalimoto akale a ku Japan FM yake imayambira 76 kulekeza 90 MHz, pomwe ife timaulutsa kuyambira 87.5 mpaka 108. Wayilesi yanu ndi yabwinobwino, koma ikungomva kachigawo kakang'ono ka m'munsi. Pali kachipangizo kotchedwa FM expander komwe amalumikiza pa waya wa eriyo, kamatsitsa ma frequency kuti alowe m'malire a wayilesiyo. Amagetsi a galimoto m'matauni mwathu muno amakadziwa bwino. Nambala yooneka pa sikirini siigwirizana ndi yeniyeni, koma mawu amamveka.

Ndirande_Boy
Expander imachepetsa signal mukatuluka m'tauni. Ingochotsani wayilesi yonseyo muike ya Android.

Kabaza_Mzuzu
Ya Android anzanga awiri inawafera ndi dzuwa la pa dashboard. Ndiyesa kaye expander.

Woyang'anira_Gulu
Za magalimoto tsegulani nkhani yake payokha, abale. Tibwerere ku funso la aphunzitsi.

MayiAThoko_Leeds
Ine ndigwirizana pang'ono ndi mnzawo wa aphunzitsi uja. Tinapitako ndi bambo a kunyumba ndi mwana wathu wamwamuna yemwe amakonda magemu. Mwanayo anasangalala, sindikana. Koma ine mtima sunakhazikike. Mumalowa m'sitolo ya zidole ndi mabuku a zithunzi, pansi zonse zili bwinobwino, mukakwera masitepe mwadzidzidzi mwafika pa zithunzi zoti kholo silingaone limodzi ndi mwana wake. Ndinamugwira dzanja n'kutsika naye. Ndiye m'mbali mwa msewu atsikana aang'ono aimaima atavala ngati antchito a m'nyumba, kunja kukuzizira, akugawa timapepala kwa azibambo odutsa. Ndine mayi, ndinkangoganiza kuti ameneyu ndi mwana wa munthu. Aphunzitsi pitani mukagule zida zanu, koma dziwani kuti zimenezinso mukaziona.

Otaku265
Mayi, ndikumva nkhawa yanu, ndipo ndi zoona kuti zigawo za akuluakulu zilipo. Zimakhala ndi chizindikiro cha 18 pa masitepe kapena pa katani, ndiye mukaona nambala imeneyo mungobwerera. Koma chonde tisatenge zonse za anime (makatuni a ku Japan) ndi magemu n'kuziika m'thumba limodzi ndi zimenezo. Kwa ife amene tinakulira m'ma video show ndi pa magemu, Akihabara ndi malo aulemu. Ku Super Potato mumakwera timasitepe topanikiza n'kupeza ma Famicom, ma Mega Drive, ma Game Boy ali m'mashelefu, makatiriji atapachikidwa m'timapepala ta pulasitiki khoma lonse, pamwamba pake pali makina akale oti muponyemo 100 yen n'kusewera. Ku Mandarake kuli nsanjika 8 za mabuku ndi zidole zakale, zosungidwa mosamala ngati za mu museum. Anthu ojambula ndi kuumba zinthu zimenezi ndi amisiri enieni. Aphunzitsi, ngakhale mulibe nazo chidwi, lowani mu Super Potato muone mmene makina a zaka za m'ma 1980 akuyakirabe mpaka lero. Zimenezonso ndi zamagetsi.

MayiAThoko_Leeds
Za magemu sindikutsutsa mwanawe. Ine ndikunena za atsikana aja.

NaBanda_Tsukuba
Mayi, nkhawa yanuyo ngakhale eni dziko ali nayo. Mu 2017 boma la mzinda wa Tokyo linakhazikitsa lamulo loletsa atsikana osakwana zaka 18 kugwira ntchito m'mabizinesi ena omwe ankakopa azibambo ndi ana a sukulu, ndipo Akihabara inkatchulidwa kwambiri pa nkhani imeneyo. Ndiye simunaone zinthu zongoganizira.

Komabe ma maid café odziwika bwino, komwe atsikana ovala ngati antchito a m'nyumba aja amagwira ntchito, ndi malo odyera, si zina ayi. Mtsikana amakupatsani moni, amajambula kankhope ndi ketchup pa mpunga wokutidwa ndi dzira, nthawi zina amaimba. Kumugwira n'koletsedwa, kumujambula popanda chilolezo n'koletsedwanso, chithunzi mumalipira padera. Kumapita mabanja ndi atsikana okhaokha omwe. Chomwe alendo amadabwa nacho ndi bilu, chifukwa mumalipira ndalama yokhalira pampando kuwonjezera pa chakudya, ndipo nthawi ikapitirira imawerengedwanso. Ndiye munthu wa mumsewu akamakuitanirani ku malo omwe mitengo sinalembedwe pakhomo, musamutsatire. Komanso musawajambule atsikana oima mumsewuwo, sakondwa nazo.

Ndirande_Boy
Mwaonatu. Malo a zamagetsi anasanduka a makatuni. Mnzawo uja ananena zoona.

Chitedze_Eng
A Ndirande_Boy, ndikufuna ndikutsutseni mofatsa, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti makatuni anabwera kudzalanda malo a amisiri. Mbiri yake siikutero.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, m'misewu ya ku Kanda munadzaza anthu ogulitsa zipangizo za wayilesi, makamaka ma valve. Wayilesi inali yosowa ndi yodula, ndiye ophunzira za magetsi a m'deralo ankagula zipangizo n'kumalumikiza okha mawayilesi ogulitsa. Mu 1949 akuluakulu a asilikali a America omwe ankalamulira Japan nthawi imeneyo analamula kuti malonda a m'misewu achoke, ndipo ogulitsawo anasamukira kunsi kwa njanji pa Akihabara. Tinjira tomwe a NaBanda afotokoza tija tinayamba choncho. Chuma chitayamba kukwera, malonda anasanduka a ma TV, mafiriji ndi makina ochapira. Nyumba ya malonda ya Radio Kaikan inatsegulidwa mu 1962. Mu 1976 kampani ya NEC inatsegula malo otchedwa Bit-INN m'nyumba yomweyo, owonetserako TK-80, ka board koti munthu alumikize yekha n'kuphunzirapo za microprocessor. Achinyamata ankadzazana pamenepo, ndipo anthu ambiri amati makompyuta a anthu wamba ku Japan anayambira pamenepa.

Kenako mabanja anasiya kubwera kudzagula firiji ku Akihabara, chifukwa masitolo akuluakulu okhala ndi poimika magalimoto anafalikira kunja kwa mzinda. Omwe anatsala ndi a makompyuta. Windows 95 ya Chijapanizi itatuluka mu November 1995, anthu anafola pa mizere pakati pa usiku kuidikirira. Tsopano funsani kuti mnyamata wolumikiza yekha kompyuta ankaigwiritsa ntchito yanji. Ankasewera magemu. Ndipo yemweyo ndi amene ankagula manga (mabuku a nthano za zithunzi), anime ndi zidole. Amalonda anangotsatira kasitomala yemwe anali naye kale pakhomo. Maid café yoyamba yokhazikika, Cure Maid Café, inatsegulidwa mu 2001. Mu 2005 munabwera zitatu nthawi imodzi: Tsukuba Express, sitolo yaikulu ya Yodobashi kum'mawa kwa siteshoni, ndi holo ya gulu loimba la AKB48 pamwamba pa sitolo ya Don Quijote.

Chomwe chikupha timasitolo ta zipangizo ndi china. Eni ake akalamba, ana awo sakufuna kukhala kunsi kwa njanji, malo akwera mtengo, ndipo anthu akugula pa intaneti monga mmene inuyo mwalangizira poyamba paja. Radio Store, yomwe inali moyandikana ndi Radio Center, inatseka mu 2013. Radio Kaikan anaigwetsa n'kumanganso, inatsegulidwa mu 2014, ndipo lero muli zidole ndi makadi kwambiri kuposa mawayilesi. Ngakhale a makatuniwo akutsekanso, Toranoana inatseka sitolo yake ya ku Akihabara mu 2022. Ndiye kwa ine chifukwa chopitira aphunzitsi n'chomwecho: zomwe aphunzitsi awo ankawauza zikadalipo, koma zikuchepa chaka ndi chaka.

Ndirande_Boy
Chabwino, mbiri ndaimva. Koma pa mtengo sindisintha. Ma resistor ndi ma module wamba ku China ndi otchipa.

Chitedze_Eng
Pa mtengo wa zinthu wamba mukhoza kupambana. Koma amene anagulapo ma transistor kapena ma capacitor abodza amadziwa kuti kutchipa kumeneko kumathera pati. Ku Akizuki mukagula capacitor ya Nichicon kapena Rubycon imakhala yeniyeni. Kwa munthu wokonza ma amplifier zimenezo si zazing'ono.

Madala_Valavu
Pamenepo mwalasa. Capacitor yabodza imatupa miyezi ingapo, kasitomala amabwerera atakwiya, dzina loipa limakhala la mmisiri. Aphunzitsi, ma electrolytic abwino mutenge ochuluka, salemera.

MphunzitsiWaMagetsi
A Chitedze_Eng mwandipatsa zokauza ana m'kalasi. Funso lina: popeza tsiku langa ndi Lamulungu, masitolo amatsegula?

NaBanda_Tsukuba
Akuluakulu onse amatsegula, ndipo Lamulungu ndi lomwe kumadzaza. Koma timasitolo tina ta munthu mmodzi ta kunsi kwa njanji timapuma tsiku limeneli, ndiye mudzapeza zitseko zina zotseka. Za Akizuki ndi Sengoku onani nthawi pa webusaiti yawo kutatsala tsiku limodzi. Musalawirire kwambiri, ambiri amatsegula cha m'ma 10 kapena 11 koloko, ndipo ang'onoang'ono amatseka msanga madzulo. Yodobashi imafika mpaka 10 koloko usiku, ndiye imeneyo muisiye komaliza.

Ubwino wa Lamulungu ndi woti kuyambira 1 koloko masana Chuo-dori amautseka, magalimoto sadutsa, anthu amayenda pakati pa msewu mpaka 5 kapena 6 koloko kutengera nyengo ya chaka. Kukagwa mvula satseka. Mwambo umenewu unaimitsidwa pambuyo pa zomwe zinachitika pa 8 June 2008, pomwe munthu wina analowetsa lole m'khamu la anthu kenako n'kubaya ena ndi mpeni, anthu 7 anamwalira. Anauyambiranso mu January 2011 ndi malamulo okhwima, ndiye mudzaona apolisi ndi anthu ongodzipereka akuyang'anira. Musaope, ndi malo odekha, ine ndimayendako ndekha.

Mphwanga_Saitama
Musaiwale pasipoti yeniyeni, osati fotokope. Msonkho wa pa katundu ku Japan ndi 10%, ndipo mlendo akagula zopitirira 5,000 yen m'sitolo yokhala ndi chizindikiro cha tax free samulipiritsa. Koma onani kapepala komwe adzakumatireni mu pasipoti pa bwalo la ndege. Ngati palembedwa Temporary Visitor muli bwino. Ife okhala kuno ndi ophunzira a nthawi yaitali sitiloledwa. Boma linalengezanso kuti kuyambira November 2026 mlendo azilipira kaye msonkhowo n'kubwezeredwa potuluka m'dziko, ndiye sungani malisiti onse. Timasitolo ta zipangizo tambiri tilibe tax free, ndipo tina timafuna ndalama ya m'manja, choncho khalani ndi ma yen m'thumba.

Kabaza_Mzuzu
Nanga kunenerera kumatheka?

Mphwanga_Saitama
Pa tinthu ting'onoting'ono ayi, mtengo ndi womwe walembedwawo. Pa katundu wodula m'masitolo akuluakulu mukhoza kufunsa mwaulemu, makamaka mukawaonetsa mtengo wa sitolo ina pa foni. Ndalama musapereke m'manja mwa wogulitsa, pamakhala kambale pa kauntala, mumaika mmenemo. Tip kulibe.

Mtsikana_wa_IT
Pobwerera, laputopu, power bank ndi mabatire a lithium zonse zikhale m'chikwama cha m'manja. Koma ma screwdriver, zodulira waya ndi iron zilowe m'sutikesi yaikulu, apo ayi akakulandani pa chipata. Malisiti omwewo adzakuthandizaninso pa kasitomu mukafika kuno.

MayiAThoko_Leeds
Ndiwonjezepo chabwino chomwe ndinakondako, ndisaoneke ngati ndangodana nako. Mukatopa ndi phokoso, yendani pang'ono kukwera kamtunda kupita ku Kanda Myojin. Ndi kachisi wa chipembedzo chawo, wa zipata zofiira, pabwalo pake pali bata. Ife tinangokaona, sitinachite nawo za mapemphero. Bambo a kunyumba anadabwa kuona kuti amagulitsa timapepala ta madalitso toteteza makompyuta ndi mafoni. Kwinanso ndi ku Manseibashi, m'mbali mwa mtsinje wa Kanda, komwe siteshoni yakale ya njerwa zofiira anaisandutsa timasitolo ndi malo omwera tiyi. Pamenepo mukhoza kukhala pansi n'kupumitsa miyendo.

Otaku265
Ndipo mutengereko ana a kunyumba za gachapon. Ndi makina oponyamo ndalama zachitsulo, mumapotokola chogwirira, kumagwa kampira ka pulasitiki kokhala ndi kachidole mkati. Ambiri ndi 300 mpaka 500 yen. Ku Gachapon Kaikan makinawo angoti ndandanda mpaka kudenga. Amene akufuna za anime popanda chipwirikiti cha alendo apite ku Nakano Broadway, koma kwa aphunzitsi Akihabara ndi yokwana.

NaBanda_Tsukuba
Zina ziwiri zazing'ono. Mabini a zinyalala mumsewu ndi osowa, yendani ndi kajumbo m'chikwama. Ndipo ngati muli ndi anzanu osuta pagulu lanulo muwauze kuti dera la Chiyoda, momwe muli Akihabara, linaletsa kusuta fodya mumsewu kuyambira 2002, amalipiritsa chindapusa. Pali malo ake osutirako.

MphunzitsiWaMagetsi
Abale, mwandithandiza koposa. Ndapanga chonchi: ndifika cha m'ma 11, ndiyambe Radio Center ndi Radio Department Store, kenako Akizuki ndi Sengoku ndikadali ndi mphamvu ndi ndalama. Masana ndikafune laputopu, ndidutse pa junk, ndilowe mu Super Potato monga wandipempha mnyamata wathu Otaku265, ndikapume ku Manseibashi, Yodobashi komaliza. Iron ya 100V sindigula. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chilankhulo basi. Ndikamufotokozera bwanji wogulitsa wachikulire kuti ndikufuna chakuti?

Chitedze_Eng
Lembani ma part number onse pa pepala musananyamuke, ndi kuchuluka kwake pambali. Manambala ndi ma unit ndi amodzimodzi kulikonse, 2SC5200 kapena 4700µF 50V adzaziwerenga popanda womasulira. Ma transistor a 2SA ndi 2SC omwe mumakumana nawo m'ma amplifier ndi kalembedwe ka ku Japan komweko, ndiye amawadziwa pamtima. Ngati muli ndi chipangizo chakufa chomwe mwasowa cholowa m'malo mwake, chinyamuleni m'kathumba mukachiike pa kauntala.

Madala_Valavu
Mutengenso chithunzi cha board yomwe mwachotsapo chipangizocho, mbali zonse ziwiri. Ndipo mukapeza malamba a ma cassette deck ndi ma turntable mundigulireko masaizi angapo, ndili ndi makina atatu a makasitomala omwe akungodikira lamba. Ndikutumizirani miyezo yake ku inbox madzulo ano.